Pulofesa John Saka: wasayansi amene adayeza malambe ndi chinangwa

Pulofesa John Kalenga Saka ndi mmodzi mwa akatswiri a sayansi ya chemistry odziwika kwambiri m'dziko muno. Amalawi ambiri amawadziwa ngati mkulu amene adatsogolerapo sukulu ziwiri zaukachenjede za boma, University of Malawi ndi Mzuzu University. Koma pakati pa ofufuza a m'maiko ena, dzina lawo limamveka pa chifukwa china. Amadziwika ndi zolemba zawo zofotokoza zimene zili m'kati mwa zakudya za anthu wamba, makamaka zipatso za m'tchire ndi chinangwa. Zakudya zimenezi ndi zomwe zimathandiza mabanja a m'madera otentha ngati kwa Kalembo m'boma la Balaka chimanga chikakanika. Mbiri ya ntchito yawo ikuonetsanso momwe wasayansi amayezedwera masiku ano, ndi zimene muyeso umenewo umalephera kuona.

Ntchito ndi maudindo

A Saka adaphunzitsa kwa zaka zambiri m'nthambi ya chemistry ku Chancellor College mumzinda wa Zomba, komwe adakwera mpaka kufika pa udindo wa pulofesa. M'chaka cha 2013 adasankhidwa kukhala mkulu woyendetsa University of Malawi, ndipo atachoka kumeneko adakatsogolera Mzuzu University. Nthawi yomwe adali pa udindo ku University of Malawi ndi imene nkhani yogawa sukuluyi idafika pachimake. Kugawaku kudatheka mu 2021, pomwe padabadwa Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi.

Kafukufuku wawo wambiri ali pamalire a chemistry ndi biochemistry. Biochemistry ndi sayansi yofufuza zinthu zing'onozing'ono zomwe zimapanga chamoyo chilichonse, monga mapuloteni, mafuta, shuga ndi mavitamini, ndi momwe zinthuzi zimasinthira m'thupi la munthu, la nyama kapena m'chomera. Wofufuza wa nthambi imeneyi ndi amene angayankhe mafunso ngati awa: n'chifukwa chiyani chinangwa china chimawawa ndipo chimaledzeretsa pomwe china ana amangotafuna chachiwisi? Kodi m'chipatso chimene mwana watola kutchire muli chakudya chenicheni kapena n'chongopusitsa m'kamwa?

Zipatso za m'tchire

Mu 1994, a Saka pamodzi ndi Pulofesa Jerome Msonthi adasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya sayansi yotchedwa Forest Ecology and Management. Nkhaniyo ndi yaifupi, ya masamba anayi okha, koma idafotokoza michere yopezeka m'mitundu 16 ya zipatso za m'tchire za m'Malawi. Zina mwa zipatsozo ndi malambe, masuku, masau, bwemba, matowo, maula, mpoza, nthudza ndi mateme. Pa chipatso chilichonse adayeza kuchuluka kwa mapuloteni, mafuta, mphamvu yomwe chimapereka m'thupi, komanso michere ngati calcium, imene imalimbitsa mafupa, ndi iron, imene imathandiza magazi. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, iwo ndi anzawo adali atasindikizanso zotsatira za kuchuluka kwa vitamini C m'zipatso za mtundu womwewu.

Kufunika kwa ntchitoyi kumamveka bwino tikakumbukira momwe zinthu zidalili nthawi imeneyo. Mabuku ofotokoza michere ya m'zakudya adali ndi manambala ambiri a malalanje, nthochi ndi maapozi, koma a masuku kapena matowo adali osowa. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi ankalimbikitsa zipatso zochokera kunja chifukwa ndi zomwe zidali ndi umboni wolembedwa. Zipatso za m'tchire zinkaonedwa ngati zoseweretsa ana oweta mbuzi, kapena chakudya cha nthawi ya njala basi. Chipatso chopanda manambala sichilowa m'ndondomeko ya boma, sichilowa m'buku la sukulu, ndipo wamalonda sangachilembe pa botolo.

Ntchitoyi idagwirizana ndi ya bungwe la ICRAF, lomwe lidali ndi malo ofufuzira ku Makoka, pafupi ndi Zomba, ndipo linkayesa njira zodzalira mitengo ya zipatso zachilengedwe m'minda ya alimi. Masuku adali m'gulu la zipatso zomwe alimi adazisankha kuti n'zofunika kwambiri. Mu 2007, a Saka ndi anzawo, kuphatikizapo Festus Akinnifesi wa ku ICRAF, adasindikiza kafukufuku wina m'magazini ya International Journal of Food Science and Technology. Ulendo uno adayeza zakudya zopangidwa kuchokera ku masuku, mateme, malambe ndi mango, monga zakumwa ndi jamu, n'kuonanso momwe anthu adazikondera atazilawa. Apa kafukufuku adachoka pa funso loti m'chipatso muli chiyani, n'kufika pa funso loti chingasanduke malonda kapena ayi.

Milambe ya kwa Kalembo

Dera la Mfumu Kalembo lili kumpoto kwa boma la Balaka, lomwe lidapatulidwa kuchoka ku Machinga mu 1998. Msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi umadutsa m'derali pa Ulongwe, ndipo kum'mawa kwake kuli mtsinje wa Shire ndi nkhalango ya Liwonde. Ndi dera lotentha, lamvula yochepa ndi yosadalirika, lomwe milambe, mitengo ya bwemba ndi ya masau zimamera popanda wodzala. Aliyense amene wadutsa mumsewuwu m'chilimwe adaonapo malambe ataunjikidwa m'mbali mwa msewu kudikira ogula.

Kwa mabanja a m'derali, mlambe ndi nkhokwe yomwe siidalira mvula ya chaka chimenecho. Ufa wa malambe amauthira m'phala, masamba ake amaphika ndiwo, ndipo zipatso zake amagulitsa kwa amalonda omwe amazitengera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe amapangira zakumwa ndi mafirizi ogulitsa m'misika ndi pa zipata za sukulu. Kuyeza kwa m'malabotale, kwa a Saka ndi kwa ofufuza ena a m'maiko osiyanasiyana, kudatsimikiza kuti ufa wa malambe uli ndi calcium wambiri, ndipo vitamini C wake amaposa wa m'malalanje kangapo.

Manambala ngati amenewa ndi omwe amatsegula misika. Mu 2008, maiko a mgwirizano wa European Union adavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya m'maiko awo, potsatira pempho la bungwe la PhytoTrade Africa, ndipo dziko la America lidatsatira mu 2009. Chilolezo chotere sichiperekedwa chifukwa choti makolo akhala akudya chinthucho kuyambira kalekale basi. Pamafunikanso umboni wa m'labotale wosonyeza zimene zili m'chakudyacho ndi kuti sichivulaza. Lero Malawi ndi limodzi mwa maiko a kum'mwera kwa Africa amene amatumiza ufa ndi mafuta a malambe kunja.

Chinangwa chowawa

Gawo lachiwiri la ntchito ya a Saka, lomwe ndi la biochemistry yeniyeni, ndi la chinangwa. M'chinangwa chilichonse muli chinthu chotchedwa linamarin. Pachokha sichivulaza kwenikweni, koma chinangwacho chikasendedwa, kusinjidwa kapena kuviikidwa, linamarin amakumana ndi chinthu china cha m'chomera chomwecho chotchedwa linamarase, ndipo pamatuluka poizoni wa cyanide. Chomeracho chimadziteteza motero ku tizilombo ndi nyama. Mitundu yozizira, monga Manyokola amene ena amati Mbundumali, ili ndi linamarin wochepa, ndipo ndi imene imadyedwa yaiwisi kapena yongowiritsa. Mitundu yowawa, monga Gomani wa kumpoto, ili ndi wambiri.

Thupi la munthu limatha kuchotsa cyanide wochepa pogwiritsa ntchito sulufule wochokera m'mapuloteni. N'chifukwa chake munthu wodya chinangwa chosakonzedwa bwino tsiku ndi tsiku, wopanda nsomba, nyemba kapena nyama, ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu. Zotsatira zake zikhoza kukhala matenda a konzo, omwe amapuwalitsa miyendo mwadzidzidzi ndipo sachiritsika. Mu 1981, pa nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 adapuwala ndi matendawa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Dokotala wa ku Sweden, Hans Rosling, amene ankagwira ntchito ku Nacala, adali mmodzi mwa amene adafufuza mliriwu n'kuulumikiza ndi chinangwa chowawa chokonzedwa mothamanga.

Funso lomwe lidatsala lidali lakuti: ngati chinangwa chowawa n'choopsa chotere, n'chifukwa chiyani alimi a ku Nkhata Bay amachikonda kuposa chozizira? Funsoli lidafufuzidwa ndi gulu la akatswiri lomwe mudali Linley Chiwona-Karltun, Mmalawi amene amagwira ntchito ku Swedish University of Agricultural Sciences, Jonathan Mkumbira, katswiri wa mbewu za chinangwa, Rosling mwiniwake ndi a Saka, omwe adabweretsa luso la kuyeza m'labotale. Alimi, makamaka amayi, adafotokoza kuti chinangwa chowawa sichibedwa kawirikawiri, anyani ndi nguluwe sizichikumba, ndipo chimatulutsa ufa wabwino wa kondowole. Popeza sichidyedwa chisadaviikidwe, mayi ndiye amalamula nthawi yokumba, ndipo chakudya cha banja sichitha ndi ongozula n'kutafuna.

Mu 2004, gululi lidasindikiza zotsatira zina m'magazini ya Journal of the Science of Food and Agriculture. Lidatenga mitundu 10 ya chinangwa yolimidwa kwambiri ku Nkhata Bay, yomwe alimi a Chitonga amaigawa pawiri, vyakubaba ndi vyakuzizra, n'kufananiza kuwawa komwe lilime limamva ndi kuchuluka kwa poizoni komwe makina adayeza. Zidapezeka kuti ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo mitundu yomwe alimi amati ndi yowawa idali ndi poizoni wochuluka pafupifupi kasanu poyerekeza ndi yozizira. Mwachidule, labotale idatsimikiza kuti nzeru za amayi a kumudzi n'zolondola. Kafukufuku wina wa gululi adaonetsanso kuti kuviika chinangwa m'madzi kwa masiku angapo, monga amachitira popanga kondowole, kumachotsa poizoni wambiri, kotero kuti anthu odya nsima imeneyi tsiku ndi tsiku sapezeka ndi cyanide wochuluka m'thupi.

Phunziro limeneli likukhudzanso Balaka ndi Machinga, komwe chinangwa chimalimbikitsidwa ngati mbewu yopirira chilala ndipo ena amachiyanika kukhala makaka. Chilala chimachulukitsa poizoni m'chinangwa, ndipo njala imachititsa anthu kufupikitsa masiku oviika ndi oyanika. Zinthu ziwirizi zimabwera nthawi imodzi, monga zidachitikira ku Nampula. M'zaka za ng'amba ngati 2016 ndi 2024, pomwe maboma a kum'mwera adakolola zochepa, uphungu wa kakonzedwe ka chinangwa umakhala nkhani ya moyo. Malamulo a zakudya a bungwe la Codex Alimentarius amanena kuti ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu imodzi.

Kusula ofufuza ena

Kuyambira mu 2008, a Saka adatsogolera mgwirizano wa sukulu ndi malo ofufuzira wotchedwa SABINA, womwe udakhazikitsidwa kuti uphunzitse achinyamata a kum'mwera kwa Africa biochemistry ndi luso lofufuza mankhwala ndi zakudya zochokera ku zomera. Mgwirizanowu udali gawo la ndondomeko ya RISE, yomwe idalandira ndalama kuchokera ku Carnegie Corporation ya ku New York. Mudali University of Malawi, University of Namibia, University of Dar es Salaam, University of Pretoria, University of the Witwatersrand, bungwe la kafukufuku la CSIR la ku South Africa, komanso Tea Research Foundation of Central Africa ya ku Mulanje. Ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu ankatha kuyamba kafukufuku kwawo, n'kukagwiritsa ntchito makina okwera mtengo ku Pretoria kapena ku Johannesburg, kenako n'kubwerera kudzaphunzitsa. Kwa dziko lomwe malabotale ake amasowa zipangizo, njira imeneyi idathandiza kuti ophunzira asamapite kunja n'kukhaliratu komweko.

Momwe ntchito ya wasayansi imayezedwera

Wofufuza akamaliza ntchito yake, amalemba nkhani n'kuitumiza ku magazini ya sayansi. Akonzi amaipereka kwa akatswiri ena a nthambi yomweyo kuti aiunike isadasindikizidwe. Ikatuluka, ofufuza ena amene agwiritsa ntchito zotsatira zake amaitchula m'zolemba zawo, kusonyeza komwe atenga mfundoyo. Kutchulidwa kumeneku, komwe pa Chingerezi amati citation, ndiko kwasanduka ndalama ya m'dziko la sayansi.

Amene adayambitsa kuwerenga kutchulidwaku mwadongosolo ndi Eugene Garfield wa ku America, yemwe adatulutsa Science Citation Index mu 1964. Ntchito yake ndiyo idabala Web of Science ya masiku ano. Mu 2004 mudabwera Scopus ya kampani ya Elsevier komanso Google Scholar, yomwe aliyense angaigwiritse ntchito pa intaneti mosalipira. Mu 2005, Jorge Hirsch, katswiri wa physics ku California, adapanga muyeso wotchedwa h-index. Wofufuza amene ali ndi h-index ya 20 ndiye kuti ali ndi nkhani 20 zomwe iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 20. Muyesowu umafuna kuti munthu akhale ndi zolemba zambiri, komanso kuti zolembazo zikhale zogwiritsidwa ntchito ndi ena. Manambalawa amasintha mwezi ndi mwezi, ndipo a Google Scholar amakhala okwera kuposa a Scopus chifukwa amawerenganso mabuku, malipoti ndi zolemba za ophunzira.

M'sukulu zaukachenjede za m'Malawi, monganso kwina kulikonse, mphunzitsi sakwezedwa kufika pa upulofesa popanda nkhani zosindikizidwa m'magazini ounikidwa ndi akatswiri. Mabungwe opereka ndalama za kafukufuku amayang'ananso manambalawa, ndipo mindandanda yofananiza sukulu ndi asayansi, yomwe imatuluka m'nyuzi chaka ndi chaka, imadalira kwambiri zomwezi.

Pa muyeso umenewu, mphamvu ya zolemba za a Saka ili pa kukhalitsa. Nkhani zambiri za sayansi zimatchulidwa kwa zaka zochepa kenako n'kuiwalika. Koma ya 1994 ikutchulidwabe patatha zaka zoposa 30, m'zolemba za ofufuza a malambe, masuku, bwemba ndi masau a m'maiko osiyanasiyana. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: amene akufuna kunena za michere ya zipatsozi amafuna manambala oyambira, ndipo ena mwa manambala oyambirira a m'chigawo chino adachokera ku Zomba. Chimodzimodzinso nkhani ya chinangwa ya 2004, imene imatchulidwa ndi ofuna umboni woti kuwawa ndi poizoni zimayendera limodzi.

Zimene manambala sanena

Muyeso wa kutchulidwa uli ndi malire ake. Mu 2014, magazini ya Nature idatulutsa mndandanda wa nkhani 100 zotchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Pamwamba padali nkhani ya biochemistry ya Oliver Lowry ndi anzake ya mu 1951, yofotokoza njira yoyezera mapuloteni, yomwe idali itatchulidwa koposa ka 300,000. Yachiwiri ndi yachitatu, ya Ulrich Laemmli ya 1970 ndi ya Marion Bradford ya 1976, zidalinso za njira zogwirira ntchito ndi mapuloteni m'labotale. Nkhani zambiri zomwe zidapezetsa anthu mphoto ya Nobel sizidalowe n'komwe mumndandandawo. Izi zikusonyeza kuti kutchulidwa kumayeza kuchuluka kwa anthu amene agwiritsa ntchito chinthu, osati kukula kwa phindu lake.

Kwa wofufuza wa ku Malawi pali zovuta zinanso. Ofufuza matenda a khansa kapena a shuga padziko lonse ndi ochuluka zedi, ndipo amatchulana tsiku lililonse. Ofufuza masuku ndi ochepa. Choncho nkhani yabwino kwambiri ya masuku singafike pa manambala a nkhani wamba ya khansa. Magazini ambiri a mu Africa, ngakhale amapezeka pa African Journals Online, sawerengedwa ndi Scopus kapena Web of Science, kotero ntchito yosindikizidwa kwathu kuno imaoneka ngati kulibe. Magazini ena otchuka amalipiritsa madola zikwi zingapo kuti nkhani imodzi iwerengedwe mwaulere, ndalama zomwe nthambi zambiri za sukulu zathu sizingakwanitse. Palinso nkhani ya mayina: pa kafukufuku wochitika mogwirizana ndi maiko olemera, nthawi zambiri dzina loyamba ndi lomaliza, omwe ndi malo aulemu, amakhala a kunja, pomwe amene adayenda m'midzi ndi kuyeza m'labotale amaikidwa pakati.

Asayansi eniake adaona vutoli. Mu 2012, akonzi ndi ofufuza omwe adakumana ku San Francisco adagwirizana mfundo zotchedwa DORA, zopempha sukulu ndi mabungwe kuti asamayeze munthu potengera kutchuka kwa magazini yomwe walembamo, koma potengera ntchito yeniyeniyo.

Ntchito ya a Saka ili ndi zipatso zomwe makina owerengera saziona. Ophunzira amene adadutsa m'manja mwawo ku Chancellor College ndi mu SABINA salowa mu h-index. Mlangizi amene amauza amayi kuti asafupikitse masiku oviika chinangwa salemba dzina la wofufuza aliyense. Mayi wa ku Ulongwe amene amagulitsa thumba la malambe kwa wopanga zakumwa sadziwa kuti chipatso chakecho chidayezedwapo ku Zomba.

Ntchito yotsala

Kafukufuku wa zaka za m'ma 1990 adayankha funso la zimene zili m'zipatso ndi m'chinangwa, koma adasiya mafunso ena kwa mbadwo wotsatira. Mlambe umatenga zaka zambiri kuti uyambe kubereka, ndipo m'madera ngati Balaka mitengo yaing'ono imadyedwa ndi mbuzi kapena kuzulidwa polima, pomwe ofuna malambe akuchulukirachulukira. Vitamini C amaonongeka ufa ukasungidwa pa dzuwa kapena ukaphikidwa nthawi yaitali, ndiye kuti chakumwa cha mumsika sichikhala ndi michere yonse ya chipatso cha mumtengo. Mitundu yatsopano ya chinangwa imene ikugawidwa kwa alimi imafuna kuyezedwa m'dothi ndi m'nyengo za dera lililonse, chifukwa mbewu imodzi yomweyo imatha kukhala ndi poizoni wosiyana ku Nkhata Bay ndi kwa Kalembo.

Maiko a African Union adalonjezana kuti aziika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chawo pa kafukufuku, koma ambiri, kuphatikizapo Malawi, sadafikepo, ndipo ntchito yambiri imadalirabe thandizo lakunja. Wopereka ndalama ndiye amasankha funso lofufuzidwa. Ngati dziko lino likufuna ofufuza ena oyeza zakudya za anthu ake, liyenera kulipira lokha ntchitoyo, ndi kuwakweza pa udindo poona zimene asintha m'midzi, osati manambala a pa intaneti okha.